Nkhokwe ya a Tcheya

Kuseri kwa shopu yochapa zovala ya akazi awo, pakati pa makina owumitsira ndi mzere wa masuti opachikidwa, a Tcheya anali ndi kachipinda komwe ankakatchula kuti likulu. Utcheyawo panalibe anawasankha. Tsiku lina anangofika msanga n'kukhala pa mpando wokhawo wokhala ndi potsamira, basi dzina linakakamira.

M'kachipindamo munkakumana kagulu ka anthu okonda pulogalamu ina ya pakompyuta yosungiramo zinthu, yomwe iwo ankangoti Nkhokwe. Kampani yaing'ono yomwe inaipanga inaisiya poyera. Aliyense ankaitenga ulere, kusuzumira m'mimba mwake, ngakhale kukonza pomwe pakudontha, mwakuti magawo ambiri analembedwa ndi anthu akunja kwa kampaniyo. Ngakhale shopu ya mayiwo inkayendera Nkhokwe yomweyo. Ndiyo inkadziwa kuti jekete ili ndi la yani ndipo lapachikidwa pati.

Ndiye kunamveka kuti chikampani china, cha mimba yosakhuta, chagula kakampani kaja ndi zonse zake. Tsiku limenelo likulu linadzaza mpaka ena kukhala pa madengu a zovala. Mkulu wina wokonza mafoni anafika nkhope ili ngati ya pamaliro, akuti mawa lomwe tiyamba kulipira mpweya. Wina wa ndevu, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya inshuwalansi, anaseka n'kunena kuti mwina tsopano munthu ukaimba foni kudzakhala woyankha. Anatsala pang'ono kumutulutsa.

Aphunzitsi, mayi wophunzitsa za makompyuta kukoleji, anadikira kuti phokoso lizizire.

"Anzanga, agula dzina ndi maofesi," anatero. "Pulogalamuyo sangatilande. Chilolezo chake chimati aliyense atha kutenga n'kupitiriza yekha. Anthu a m'maiko ambiri ayamba kale kusonkhana pa intaneti kuti apange yawo. Tingolowa nawo."

A Tcheya anaimirira pang'onopang'ono, monga amaimirira anthu odziwa kuti mbiri ikuwayang'ana.

"Kulowa nawo? Ife? Kuti tikakhale mchira?" Anagwedeza mutu. "Zagulu zimathera m'misonkhano. Nkhokwe yatsopano ibadwira m'chipinda chino. Ndichotsamo chilichonse chomwe chili ndi chidindo cha kampani ija. Chilichonse! Ogulitsa anzawo aja asasiyemo ndi fungo lomwe."

Alamu awo, mchimwene wa mayi a shopu, amene ankasamalira makompyuta a pachipatala china, anakweza dzanja. "Alamu, musanachotse zonse, pali gawo lina lomwe..."

"Ndikudziwa kale."

"Koma sindinatchule n'komwe."

"N'chifukwa chake ndati kale."

Kuyambira pamenepo a Tcheya anasanduka munthu wosowa. Ankadya akuyang'ana kompyuta, moni ankayankha ndi mphuno. Paliponse pomwe anapeza dzina la kampani ija pamwamba pa gawo, ankafufuta gawo lonse, n'kumata m'mphepete momwe munang'ambika. Pa laputopu yawo zonse zinkayenda ngati madzi. Laputopuyo sankaizimitsa, ndipo mu Nkhokwemo anali asanatulukemo chiyambire ntchitoyo. Aphunzitsi anapempha kuti aioneko kaye. Anakanizidwa mwaulemu. Alamu anayesanso pa chakudya cha masana, koma asanameze n'komwe anamva yankho lomwe lija.

Akazi awo anangofunsa funso limodzi. "Bambo, za shopu yanga sizisokonezeka?"

"Mayi, shopu yanu ikhala yoyamba pa dziko lonse kumasulidwa."

"Ine sindinamangidwe," anatero mayiwo, n'kupitiriza kusita.

Tsiku lotsegulira anasankha Loweruka masana, nthawi yomwe shopu imadzaza ndi anthu odzatenga zovala, chifukwa chinthu chachikulu sichichitika popanda mboni. Anavala tayi. Anakokera gulu lonse kutsogolo, pa kauntala. Analankhula za ufulu mpaka makasitomala ena anaomba m'manja poganiza kuti mitengo yatsika. Kenako anachotsa Nkhokwe yakale pa kompyuta ya shopu, anaikapo yawo, anazimitsa, n'kuyatsanso.

Galasi la kompyuta linawala. Panatuluka dzina latsopano m'zilembo zonenepa, pansi pake chithunzi cha a Tcheya atagwira chibwano. Anthu anati eee. A Tcheya anatambasula zala kuti alembe dzina lawo ndi mawu achinsinsi.

Polemba panalibe.

Anasuntha mbewa ya kompyuta kumanja. Anaisuntha kumanzere. Anadina pa chithunzi chawo chomwe, koma chithunzicho chinangowayang'ana, chitagwira chibwano.

"Ikudzuka kaye," anatero.

"Alamu," anatero alamu awo motsitsa mawu, "gawo lolowera lija, lofunsa kuti ndiwe yani, analemba ndi a kampani ija."

A Tcheya analoza laputopu yawo.

"Koma kwa ine imayenda!"

"Munali m'kati kale. Mwamanga khoma mozungulira muli m'katimo. Lero mwatuluka."

Wa ndevu uja ndiye anayamba kuphulika. "A Tcheya, mwapambanatu! Chikampani chija sichingalowemo ngakhale chitabwera ndi maloya onse."

"Zovala zanga zili momwemo?" anafunsa mayi wina wa pamzere.

"Zovala zili apo, mayi," anayankha mwini shopu, akuloza mizere ya masuti akuda ofanana ngati mapasa. "Koma zoti zanu ndi ziti, zatsekeredwa umo, pamodzi ndi nzeru za amuna anga."

Kutsogolo kwa mzere kunali bambo wina wamtali, thukuta lili kamukamu, yemwe madzulo omwewo ankayenera kukaimba pa konsati. Suti yake inali penapake m'nkhalangomo. Anayang'ana wotchi, kenako a Tcheya, kenako wotchi.

Apa m'pamene kagulu kaja kanaonetsa kuti si ka misonkhano yokha. Aphunzitsi ndi alamu anakokera kompyuta pambali n'kuyamba kutsitsa Nkhokwe ya gulu ija, yomwe anthu a m'maiko ambiri anali ataimika kale, khomo lake lili pamalo pake. Otsalawo anavula majekete n'kulowa m'mizere ya zovala. Wokonza mafoni, amene ankalira maliro uja, anakwera pa chopondera n'kumakweza suti imodziimodzi ngati wogulitsa pa msika.

"Ya batani lothothoka kumkono! Mwini wake?"

"Yanga!"

"Ya thumba lobowoka! Musachite manyazi, tonse ndife anthu!"

Manja atatu anakwera nthawi imodzi, shopu yonse inagwa ndi kuseka. Woimba uja anayesa majekete angapo, ena omuthera m'zigongono, ndipo atavala lake lenileni anatulutsa mawu amodzi aatali mpaka mawindo ananjenjemera. Anthu odutsa mumsewu anasuzumira poganiza kuti muli phwando. Ena analowa n'kufunsa mtengo wochapitsa bulangeti.

A Tcheya anaima pakona, tayi itapendekera. Palibe anawanyoza kopitirira, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawapweteka kwambiri. Kenako akazi awo anawapatsa mahang'ala odzaza manja.

"Gwirani apa, womasula dziko."

Anagwira.

Dzuwa lisanapendeke, alamu anaitana. Nkhokwe ya gulu inali itaima, ndipo zonse za shopu zinali momwemo, palibe chotayika ngakhale sokosi. Mayi a shopu analemba dzina lawo, analowa, n'kupumira m'mwamba. Aphunzitsi anatembenukira kwa a Tcheya.

"Kunena zoona, a Tcheya, pali malo ena omwe mwamata bwino. Gulu lija likufuna anthu otere. Koma kumeneko chilichonse chomwe walemba amayamba achiona anzako asanachilowetse."

"Zimenezo ndikudzi..." A Tcheya anaima. Anthu onse anali atatchera khutu, ena pakamwa pali kale mwee. Anakonza tayi. "Tandiuzeni, amalowa bwanji?"

Wa ndevu anaimba mluzu. Alamu anadzigwira pamtima ngati akomoka. Mayi a shopu anangoti, "Mlongo wanga, thamanga ukagule zoziziritsa kukhosi. Mawu amenewa sindinawamvepo chikwatiwire."

Anamwa ataimirira, pakati pa nthunzi ndi fungo la sopo, akukangana ngati chikampani chija chidzayamba kulipiritsa kapena ayi, nkhani yomwe tsopano inali ngati ya mvula ya kudziko lina. A Tcheya anakhala pa dengu la zovala pafupi ndi Aphunzitsi, laputopu pamiyendo, akufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu wofika mochedwa. Chithunzi chogwira chibwano chija anapempha kuti chifufutidwe. Akazi awo anakana, akuti achisindikiza achipachike pamwamba pa kauntala, kuti aliyense wobwera ndi nzeru zake zonse m'thumba azichiona. Paja akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.