Mabatani a Verina ndi Chala cha Mlangizi

Mumzinda wa Zomba munali mayi wina wodziwa ntchito ya makompyuta, dzina lake Verina Matola. Abale anga, mayi ameneyu sanali wamasewera. Anatha zaka zisanu ndi ziwiri akuumba pulogalamu imodzi yokha, yosungira mbiri ya ana a kusikelo: dzina la mwana, miyezi yake, kulemera kwake, katemera amene walandira ndi amene watsala. Mwana akayamba kutsika pa sikelo, pulogalamuyo inkaonetsa chizindikiro chofiira, kuti azaumoyo amuthamangire asanafooke.

Pulogalamuyo inkagwira ntchito pa kompyuta ya patebulo, ija ya sikirini yaikulu, kiyibodi ndi mausi. Inali ndi mabatani oposa zana, ndipo Verina ankadziwa lililonse pamene lili ngakhale atatsinzina. Alangizi a zaumoyo ankalemba pamapepala kumudzi, mapepalawo n'kufika kuofesi pakutha pa mwezi, kalaliki n'kukhala pampando wake, fani ikuzungulira, n'kumalowetsa zonse mwachifatse. Zinkayenda ndithu, koma zinkachedwa. Nthawi zina chizindikiro chofiira chinkaoneka mwana atadwala kale masabata atatu.

Choncho bungwe limene Verina ankagwirako ntchito linaganiza zogulira alangizi matabuleti, kuti azilemba pomwepo mwana ali pa sikelo. Kwa inu amene simunaigwirepo, tabuleti ili ngati foni yaikulu, yofanana ndi sileti ya kusukulu. Ilibe kiyibodi, ilibe mausi. Zonse umachita ndi chala pagalasi.

Masiku amenewo makampani atatu a matabuleti anali pa mpikisano wa wafawafa. Kampani iliyonse inali ndi sisitimu yake, ndiye kuti ubongo woyendetsa tabuletiyo, ndipo pulogalamu yolembedwera imodzi sinkayenda pa inzake. Ogulitsa anayamba kupondana zidendene pakhomo pa ofesi ya Verina.

Woyamba anati, "Yathu ndi yolimba, mayi, ndiponso yokongola. Anthu olemekezeka amagwira yathu."

Wachiwiri anati, "Yathu ili ponseponse. Ngakhale pamsika wa Songani mukaipeza."

Koma wachitatu ananena mawu amene anatsikira mumtima mwa Verina. Anati, "Yathu ndi m'bale wake wa kompyuta yanuyo. Pulogalamu yanu ingolowa mmene ilili, simusintha kanthu."

Verina anatha miyezi iwiri akuwerenga ndi kufunsa: ipambana ndi iti, idzafa ndi iti, anthu akuthamangira iti? Mutu unkamuwawa nazo. Pamapeto pake anasankha yachitatu, ndipo anauza mabwana ake zifukwa zambiri zomveka bwino. Koma chifukwa chenicheni anachisunga mumtima: sankafuna kutaya batani ngakhale limodzi.

Anatenga pulogalamu yake yonse n'kuipanikiza pagalasi laling'onolo. Mabatani zana aja anachepa n'kukhala ngati njere za chitowe. Muofesi mwake, ndi kachala kake kowonda ndi chikhadabo chosongoka, zonse zinkatheka. Iye anati, "Basi, yapsa."

Tsiku loyesa linafika. Anapita kumudzi wina kuseri kwa phiri ku Phalombe, kumene sikelo inkachitikira pansi pa mtengo wa mango. Mlangizi wa kumeneko anali Bambo Namakhwa, munthu wamkulu, wa imvi zapatalipatali, amene anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri. Manja awo anali aakulu, zala zokhakhala. Amayi oposa makumi asanu anakhala pamzere, ana kumsana, dzuwa likuswa mtengo.

Abale anga, kusikelo si kuofesi. Mwana akalendewera pa sikelo sakhala phee ngati thumba la mchere. Amalira, amapalapata, amafuna amake. Dzanja lamanzere la Bambo Namakhwa linali pa mwana, tabuleti ili pabondo, lamanja likusakasaka batani. Dzuwa linkawala pagalasi mpaka zilembo kuzimiririka. Akati akhudze batani limodzi, atatu ankayankha. Akati abwerere, tsamba lonse linkathawa.

Anaseka mwamanyazi n'kunena, "Pepani mayi, zala zathuzi n'za khasu."

Verina anamwetulira, koma m'kati ankawira. Mumtima ankati, "Akuluwa akufunika maphunziro. Pulogalamu ilibe vuto."

Chapamasana panafika mayi wina wochokera kutsidya kwa mtsinje, ali ndi mwana wamkazi wa chaka ndi miyezi iwiri, dzina la mwanayo Ndaziona. Mwanayo sanalire pomukweza pa sikelo. Muvi unaima pa makilo sikisi ndi theka. Bambo Namakhwa anawerama kuti alembe, koma pagalasipo nambala sikisi ndi naini zinali zogundana, chala n'kugwera pa naini. Tabuleti inaonetsa chizindikiro chobiriwira.

Kale, akulemba papepala, Bambo Namakhwa ankayang'ana mwana aliyense kumaso, n'kumutsina pang'ono pamkono, n'kuona tsitsi lake. Tsiku limeneli maso awo onse anathera pagalasi. Anangoona zobiriwira n'kunena, "Mwana ali bwino, mayi. Tidzaonana mwezi wamawa." Mayiyo anathokoza, n'kubereka mwana wake, n'kumapita.

Mzere utatha, anayamba kulongedza. Bambo Namakhwa anamasula sikelo pamtengo, kenako anaima chilili, chingwe chili m'manja.

"Mayi, tandionetseni za mwana uja wa kutsidya," anatero.

Verina anatsegula. Makilo naini ndi theka.

"Ayi," anatero mkuluyo. "Mkono wangawu ukukumbukira. Mwana uja ndinamunyamula ngati mtolo wa udzu wouma."

Verina anakumbukira kuti pagalasipo sikisi ndi naini zinali zogundana. Anadziwa bwino tanthauzo lake, pakuti malire a chizindikiro chofiira anawaika yekha. Mwana wa miyezi imeneyo wolemera makilo sikisi ndi theka sadikira mwezi wamawa.

Anakwera galimoto n'kuthamanga mpaka pamene msewu unathera. Kuchoka pamenepo anayenda wapansi. Verina anavula nsapato zake za kuofesi n'kuwoloka mtsinje, matope mpaka m'maondo, Bambo Namakhwa ali patsogolo, sikelo paphewa. Njira inagawikana pawiri, ndipo sanadziwe kuti mayi uja walowera iti. Anafunsa amayi ena amene ankachokera kudimba, iwo n'kuloza kumanja. Verina sanali munthu wopemphera mokweza, koma njira yonseyo milomo yake inkangoti, "Ambuye, timupeze. Ambuye, timupeze."

Anamupeza mayiyo atakhala pamjigo, akumwetsa mwana madzi ndi chikhatho. Anakoleka sikelo panthambi pomwepo. Sikisi ndi theka. Anakulunga lamba woyezera pakamkono kaja, lamba n'kuima pofiira. Bambo Namakhwa anagwada pamaso pa mayi wamng'onoyo, munthu woti akanakhala mwana wawo, n'kunena, "Ndinakunamizani, mayi. Mwanayu sali bwino. Tiyeni kuchipatala lero lomwe."

Dzuwa lisanalowe mwana anali atagonekedwa. Namwino atamuona anapukusa mutu n'kuti, "Mwachita bwino kubwera lero."  Verina anatuluka panja, anakhala pakhonde la chipatala, matope ataumira m'miyendo. Analira, koma kunali kulira kwa munthu amene katundu wamutsika pamutu.

Tsono tamverani, pakuti apa m'pamene pali nkhani.

Mabwana anafuna lipoti la zimene zinachitika. Wogulitsa matabuleti wachitatu uja atamva, anafika msanga ndi nzeru yake. Anati, "Musavutike, mayi. Lembani kuti mlangizi analakwitsa. Tiwagulire timitengo tokhudzira pagalasi, tiwaphunzitse sabata imodzi, zitheka." Ndipo zinali zoona kuti chala chimene chinakhudza naini chinali cha mlangizi. Palibe amene akanamutsutsa Verina. Zaka zake zisanu ndi ziwiri zikanakhala zosakhudzidwa.

Lipotilo asanalembe, Bambo Namakhwa anafika okha kuofesi, atavala jekete, chipewa chili m'manja. Anaika tabuleti patebulo mwaulemu.

"Ndabweza katundu wanu, mayi," anatero. "Nthawi yathu yatha. Apatseni ophunzira, ine ndingaphe ana a eni."

Verina anayang'ana manja amene anaika tabuletiyo. Manja amenewo ndi amene anadziwa zimene mabatani ake zana sanadziwe. Ndipo tsopano mwini manjawo ankadziona ngati chitsiru chifukwa cha ntchito ya manja a Verina.

Anaimirira n'kunena, "Ayi bambo, cholakwa si chala chanu. Ndinamanga khomo loti ndilowe ndekha."

Mu lipoti analemba kuti vuto linali pulogalamu, ndipo anapempha miyezi itatu kuti aiphwasule. Mabwana anang'ung'udza, koma analola.

Sanayambire pa kompyuta. Anayambira kumudzi. Masabata atatu anayenda ndi Bambo Namakhwa m'masikelo, atakhala pamphasa pakati pa amayi, osalankhula zambiri, akungoyang'ana. Anaona kuti mlangizi amakhala ndi dzanja limodzi lokha lomasuka. Anaona kuti chala chimakhala ndi thukuta ndi fumbi. Anaona kuti pa mabatani ake onse aja, pansi pa mtengo pamafunika asanu okha.

Kenako anabwerera n'kuyamba kudula. Musaganize kuti zinali zophweka. Panali tsamba lina la zithunzi zoonetsa kakulidwe ka ana m'boma lonse, limene analikonza chaka chathunthu, limene alendo ankaliombera m'manja. Analichotsa pa tabuleti. Tsiku lina anazimitsa kompyuta n'kupita kunyumba masanasana, atakwiya, akuti zomwe zatsalazo n'zachibwana, ngakhale mwana wa sukulu angazipange. M'mawa mwake anabweranso n'kupitiriza kudula.

Anasiya mabatani asanu, lililonse lalikulu ngati bokosi la machesi. Manambala anawatalikitsa. Zilembo anazidetsa kuti zizioneka padzuwa. Ndipo kulemera kwa mwana kukadumpha modabwitsa kuchokera mwezi watha, tabuleti inkafunsa ndi zilembo zazikulu, "Tamuyang'aneninso mwanayo."

Chodabwitsa n'chakuti pulogalamuyo itapepuka chonchi, sizinavutenso kuikonza kuti iziyenda pa matabuleti a makampani onse atatu. Funso lija limene linamudwalitsa mutu miyezi iwiri linangosungunuka. Makampaniwo anapitiriza kulimbana kwawo, ina kukwera, ina kutsika, ndipo patapita zaka imodzi inasiyiratu kupanga matabuleti. Kusikelo sanamve n'komwe.

Pa tsiku loyesanso, Verina anakhala patali, mtima uli m'mwamba. Bambo Namakhwa anakweza mwana woyamba. Anakhudza pagalasi kamodzi, kawiri, katatu, basi. Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mwanayo kumaso, n'kumutsina pamkono, n'kufunsa amake zimene akudya. Mwana wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wakhumi anali akuseka ndi amayi monga kale, tabuleti ataiiwala pabondo. Ndaziona naye anali pamzerewo, masaya atayamba kubwerera, chiponde chili m'manja, ndipo pomukweza pa sikelo analira mokweza mpaka amayi onse anaseka. Verina anatsamira mtengo, n'kutseka maso, n'kunena chamumtima, "Zikomo."

Abale ndi alongo, fanizoli likunena za chikondi cha Mulungu, ndipo likunena za ife.

Mulungu ndi wamkulu kuposa nzeru zathu zonse. Akanafuna, akanakhala kumwamba mu ulemerero wake wonse n'kutiuza kuti, "Phunzirani, dziwongoleni, mukakhoza mudzandipeza." Ndipo tikalephera, mlandu ukanakhala wathu ndithu. Koma sanatero. Anatsika. Anadzakhala pamphasa pathu, anaona mmene tilili, kuti ndife anthu otopa, a dzanja limodzi lomasuka, linalo litanyamula mavuto. Anasiya ulemerero wake n'kudzichepetsa kufikira poti munthu wamba, wafumbi, wathukuta, atha kutambasula dzanja n'kumukhudza. Ngati munabwera muno lero mukudziona kuti ndinu wosayenera, kuti zopemphera n'za ophunzira ndi oyera, pumani. Simukufunika kukhala munthu wina kuti mumufikire. Iye anafika kale pamene muli.

Koma ife amene tinalandira chifundo chimenechi, tawonani zimene timachita. Timatha mphamvu kukangana kuti mpingo wopambana ndi uti, wodzaza ndi uti, wotsala ndi uti. Uku tili pa mkanganowo, pali munthu wina amene anasiya kubwera. Sanakwiye, sanatukwane. Anangoona kuti mawu athu ndi ovuta, malamulo athu ndi ochuluka, zovala zake sizifanana ndi zathu, n'kuganiza kuti wolakwa ndi iyeyo. Anabwerera mwaulemu n'kukakhala kwawo.

Munthu ameneyo mukumudziwa. Dzina lake lakufikani m'mutu pamene ndikulankhula pano. Musamutumizire uthenga woti adzikonze. Sabata ino pitani kwawo, mukakhale pansi, mukamve. Ndipo mukapeza kuti chimene chinamutsekereza ndi chinthu chimene inu mumachinyadira, chichotseni. Mulungu anasiya zambiri kuposa zimenezo kuti akupezeni inu.

Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.