Chimanga cha Novembala

A Fryson anali mlangizi wa zaulimi ku Mchinji zaka makumi awiri, ndiye m'nyumba yam'mwamba ya ku Dennistoun, m'dziko lozizira la azungu komwe anasamukira, manja ankawayabwa. Pawindo, pakhomo, pawindonso, osakhazikika. Atapeza kadimba kobwereka pafupi ndi njanji, anatulutsa botolo la chimanga cha makolo, mbewu yotsiriza ya m'munda wa malemu bambo awo. Mundawo abale anagulitsa kalekale.

Novembala atafika, mvula ili pukupuku, anati adzale.

Tiyanjane, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankaphunzira za anthu amakedzana ku yunivesite, anawaletsa. Anawafotokozera za anthu oyamba a dziko lino, madzi oundana atasungunuka. Kunja kunafunda, nkhalango inamera, nyanja inameza gombe, nyama zomwe ankasaka zinasowa. Opulumuka ndi amene anasintha zida, nayamba kutola nkhono ndi mtedza wam'tchire, n'kumasamuka motsata nyengo.

"Malume, kuno amafesa mu Epulo, m'timiphika pawindo. Siyaniko njere khumi zokha."

"Iwe, mafupa ako ofukulawo anadzazapo nkhokwe zingati? Mvula ikagwa mlimi amadzala. Ine ndaphunzitsa midzi makumi atatu."

Mtsikanayo anawaleka kuti adzale. Anthu ena nzeru amaiyeza ndi imvi. Ikatuluka m'kamwa mwa mwana wamkazi amati ndi phokoso.

A Fryson anaunda mizere yowongoka ngati chingwe, njere imodzi paphando, mpaka botolo linatha. Mayi wachizungu wa dimba loyandikana anafunsa ngati akudzala adyo. A Fryson anaseka.

Sabata yachiwiri chisanu chinaumitsa dothi gwa. Tsiku lililonse akaweruka ku ntchito ankatsika basi kukasuzumira, osaona ngakhale kansonga. Mu Januwale anapisa chala paphando n'kutulutsa phala lonunkha. Anafukula lina, linanso, mzere wonse, atagwada m'matope. Mbewu ya bambo awo inathera pomwepo.

Mu Epulo, anzawo akufesa, botolo lili mbee pawindo, anamuitana Tiyanjane maso ali pansi.

"Anthu ako aja, nyama zitasowa, unati anayambira pati?"

"Anayamba ndi kuyang'ana zomwe zinalipo, malume," anatero, akuwapatsa kathumba ka mbewu ya mbatatesi.

Analandira ndi manja awiri. Nzeru yomwe inadyetsa midzi makumi atatu inalephera kumeretsa phesi limodzi kuno, pakuti akulu ananena kale: tsabola wakale sawawa.