Wosoka Nsapato ndi Chikhotho cha Womwalira

Panali munthu wina wosoka nsapato amene ankagwira ntchito pakhonde la golosale, pafupi ndi msika. Tsiku lina anagula foni yakale, ija yosisita ndi chala, ndipo anapeza kuti mwini wake woyamba anasiyamo gemu.

Gemu yake inali yotere. Mkatimo muli dziko lathunthu, mapiri, nkhalango, midzi ndi zilombo. Umapanga kamunthu kako, n'kumakayendetsa ndi chala. Anthu ena amene ukukumana nawo mmenemo ndi anthu enieni, aliyense ali kwawo ndi foni yake.

Masana nsapato zikachepa, iye ankalowamo. Kamunthu kake kanayamba ndi kabudula ndi ndodo basi. Kankagunda makoma, kankagwera m'maenje, kakaona nguluwe kankathawa. Sikanafepo, chifukwa mwini wake anali wamantha. Anthu ankamudutsa akulemba zilankhulo zimene sankazimva. Atatopa, analemba pamalo olembapo mawu kuti, "Odi kuno!"

Panapita nthawi. Kenako wina anaima n'kuyankha kuti, "Odini, achimwene. Kumudzi n'kuti?"

Anali munthu wakwathu konkuno, wogwira ntchito ku Joni. Iyeyu gemuyo ankaidziwa ngati kumunda kwake. Anavala chikhotho chofiira chosalowa mkondo, ndipo anati anachivutikira chaka chathunthu. Anamutenga wosoka nsapato uja ngati mng'ono wake. Anamuonetsa potunga madzi, pogona, ndi njira zopanda zilombo. Ankamuseka kuti, "Ndodoyo mwatengera kukusa mbuzi kapena nkhondo?"

Tsiku lina analowa limodzi m'phanga, ndipo munatuluka chilombo chachikulu. Wa ku Joni analemba kuti, "Bisalani kuseri kwa mwalawo!" Anamenyana nacho yekha mpaka kuchipha, koma mabala anamuchulukira. Anagwa, n'kuzimiririka. Pamalopo panatsala kamwala ka pamanda, lupanga, ndi chikhotho chija.

Wosoka nsapato mtima unamuwawa. Analemba kuti, "Mzimu wanu uuse mumtendere." Kenako maganizo anabwera, ndipo maganizo amenewa ambiri a ife tikuwadziwa. Womwalira savala chikhotho. Wachibale wake muno ndi ine. Ndikachisiya atenga achilendo. Anachitola, nachivala. Chinamukwana bwino.

Chimene sankadziwa n'chakuti m'gemumo akufa amadzuka. Amadzukira kumudzi wakutali, ali ndi kabudula yekha, n'kuthamanga kubwerera pamene anagwera. Ntchito ya mnzawo wotsala ndi kulondera katunduyo kufikira mwini wake afike.

Ali chiimire pakhomo la phanga, anaona munthu akubwera chothamanga, wopanda nsapato, wopanda malaya. Anali yemwe uja. Anafika pafupi n'kulemba kuti, "Achimwene, zikomo pondisungira."

Apa ndiye panali posankha. Kuvula chikhotho kunangofuna kudina kamodzi. Koma anali atamva kale kukoma kwake, ndipo manyazi anamugwira chifukwa ankadziwa kuti sanasunge, anatenga. Anayang'ana mawu aja. Anayang'ana chikhotho. Anazimitsa foni, n'kutola nsapato ya munthu, n'kuyamba kusoka.

Anatha masiku atatu osalowamo. Tsiku lachinayi anati, lero ndikabweze. Anapita kuphanga, kunalibe munthu. Anapita potunga madzi paja, anapita kumudzi wodzukira akufa, anafunsa aliyense wodutsa m'chizungu chake chothyokathyoka. Wina anamuyankha kuti munthu wa dzina limenelo anasiya gemu. Nambala yake analibe. Dzina lake lenileni sanamufunsepo. Chikhotho chinatsala pathupi pake, zilombo zosamulasa, njira zonse zotseguka, koma wobwezera panalibe.

Abale anga, wosoka nsapato ameneyu musamufunefune pamsika. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 6, ndipo zamafoni ndimangomva kwa anzanga. Koma munthu ameneyu ndikumudziwa, chifukwa ndine.

Achimwene anga a Filimoni ndiwo anandilera. Anandiphunzitsa kugwira khasu, anandiperekeza pofunsira mbeta. Atamwalira ndinalira zenizeni, misozi yake sinali yabodza ayi. Koma maluwa asanafote pamanda, ndinafika pakhomo pawo ndi ngolo. Ndinati wachibale ndi ine. Ndinatenga makina osokera, njinga, bedi, mpaka malata ndinazula. Alamu anga a Nangondo anagwada pabwalo, ana atatu atawagwira chitenje. Anati, "Alamu, makina okhawo tisiyireni, ana adyerepo." Ine ndinayang'ana kumbali, n'kuuza wangolo kuti tiye.

Alamu anapita kwawo ndi ana. Ndinkati ndidzabweza chaka chamawa, mvula ikatha, ndikakolola. Pamene ndinanyamuka n'kupita, ndinapeza manda a alamu. Ana anabalalika, wina ku Mozambiki, awiri sindikudziwa. Makina aja alipo mpaka lero, anachita dzimbiri kuchipinda kwanga. Malata aja ndi amene ndinafolera nyumba yomwe ndimagonamo. Mvula ikamagwa, ena amamva mvula. Ine ndimamva malata a eni ake.

Tanthauzo la fanizoli ndi ili. Timalanda za amasiye chifukwa mumtima timati wakufa wapita, sadzaona. Pakamwa timaimba kuti akufa adzauka, koma manja athu sakhulupirira. Adzauka, abale anga. Adzabwera opanda kanthu monga tinawaikira, ndipo adzatipeza titavala zawo.

Ndikudziwa kuti Mulungu ndi wachifundo, ndipo ndamupempha kambirimbiri. Koma kubweza ndinachedwa, ndipo palibe pemphero limene lingandibwezere tsiku la ngolo lija. Inu amene muli ndi munda wa mwana wamasiye, mbuzi za mlamu wanu, chitseko chimene munazula, eni ake akadali moyo ndipo khomo lawo mukulidziwa. Musadikire kukolola. Pitani lero, ndi manyazi anu omwewo.

Ine chimene ndikuopa pa tsiku lomaliza si moto. Sindikuopanso kuti achimwene adzandikalipira, pakuti kukalipa ndingapirire. Ndikuopa kuti adzanditulukira akumwetulira monga ankachitira, n'kundigwira dzanja n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, zikomo pondisungira banja. Ali kuti ana?"