Munthu Amene Anagoneka Mlonda Wake

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene anatsala pang'ono kufera m'dziwe la mtsinje mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Madziwo sanali othamanga, ng'ona munalibe, ndipo iye anali katswiri wosambira.

Lufeyo ankalima dimba la anyezi limodzi ndi mkulu wake Yotamu. Madzi othirira ankapopa m'dziwemo ndi kainjini. Kumapeto kwa paipi, pansi pa dziwe, kunali sefa yotchinga zinyalala. M'chilimwe sefayo inkatsekeka ndi ndere ndi matope, injini n'kumangolira osatulutsa kanthu. Paipiyo anali ataipanikiza ndi miyala kuti isayandame, choncho kuivuula inali ntchito ya tsiku lonse. Chapafupi kunali kumira n'kukapala sefayo ndi manja.

Ankamira mosinthana. Womira ankamanga chingwe m'chiuno, mnzake n'kugwira nsonga yake ali kumtunda. Yotamu sankakhalitsa pansi. Chifuwa chikayamba kumutentha ankavuuka, n'kupuma, n'kubwereranso, ngakhale kangapo. Lufeyo zimenezi zinkamutopetsa, ndipo anatulukira njira yake. Asanamire ankaima m'madzi olekeza m'chiuno n'kumapuma mofulumira, kukoka kwambiri, kutulutsa kwambiri, mpaka zala zichite dzanzi. Akatero, pansi paja chifuwa sichinkamuvuta msanga. Sefa yonse ankaimaliza ulendo umodzi.

"Ine ndimadzaziratu thanki, achimwene," ankatero. "Inu mumamira ngati nkhuku."

"Nkhuku imafa ndi mpeni, siifa ndi madzi," ankayankha Yotamu.

Tsiku lina Yotamu anaona kuti mng'ono wake wakhalitsa, ndipo anakoka chingwe. Lufeyo anavuuka ali bwinobwino, ntchito ili pakati, amayi ochapa patsidya akuseka. Anapsa mtima.

"Kodi ndine mbuzi yoti muzindikoka? Mukadzabwereza, chingwechi sindidzamanganso."

Yotamu ankamudziwa mng'ono wake kuti akanena wanena. Kuyambira pamenepo ankangogwira chingwe osakoka, ngakhale mtima ukhale m'mwamba.

Tsiku la ngoziyo, anyezi anali atayamba kufota ndi dzuwa, ndipo injini inali itasiyanso kutulutsa madzi. Lufeyo anapuma mwa njira yake ija, motalikirapo kuposa masiku onse, n'kumira. Yotamu anakhala pamwala, chingwe chili pakati pa zala. Munthu akamagwira ntchito pansi pa madzi, chingwe chimanjenjemera ngati cha mbedza nsomba ikamadya nyambo. Chinanjenjemera kwa kanthawi. Kenaka chinangoti zii. Pamwamba pa madzi panalibe thovu, panalibe chizindikiro chilichonse cha munthu wovutika.

Yotamu anaganiza mofulumira. Akakoka munthu ali bwino, mawa adzamira wopanda chingwe. Akadikira, mwina mawalo sadzalifika.

Anakoka.

Chingwe chinabwera cholemera, chosakana. Lufeyo anatuluka ali lobodo, maso ali otseka, milomo itatuwa, ndere zikadali m'dzanja. Yotamu anamukokera pamchenga, anamugoneka chagada, naona kuti chifuwa sichikukwera. Anamutseka mphuno n'kumuuzira mpweya m'kamwa, monga anaonera alangizi a zaumoyo akuphunzitsa kumudzi. Anauziranso, nauziranso. Lufeyo anatsokomola, nasanza madzi. Yotamu anamutembenuzira cham'mbali, ndipo chifuwa chija chinayamba kukwera ndi kutsika chokha. Yotamu anakhala pansi n'kumangochiyang'ana.

"Mwandikokanso," anatero Lufeyo ndi mawu ofooka.

"Eya, ndakukoka. Ukachira udzandikalipire."

Kuchipatala anamugoneka mpaka mawa lake kuti aone ngati madzi sanavulaze mapapo. Anapezeka kuti ali bwino. Koma Lufeyo anali ndi funso, ndipo anafunsa adokotala amene ankamuona.

"Chondidabwitsa, adokotala, n'chakuti sindinabanike. Ndinali bwinobwino ndikupala sefa. Kenaka ndangoona nkhope ya achimwene."

Adokotalawo, mayi wosachulutsa mawu, anamufunsa zimene ankachita asanamire. Atamva, anati: "Tikapuma, mapapo amapereka mpweya wabwino ku magazi. Amalandiranso mpweya woipa umene thupi lapanga pogwira ntchito, kuti utuluke. Ambiri timayesa kuti chifuwa chimatentha chifukwa wabwino watha. Si choncho kwenikweni. Ubongo umayang'anira makamaka woipawo. Ukachuluka m'magazi, ubongo umalamula kuti munthu apume, afune asafune. Kupuma kwanu kofulumira kuja sikunkawonjezera wabwino ndi kale, pakuti magazi amakhala atasenza kale wokwanira mlingo wake. Kunkangochotsa woipa. Ndiye pansi paja wabwino unatha woipa usanachuluke mpaka pokuchenjezani. Simunadzaze thanki, bambo. Munagoneka mlonda."

Lufeyo anayang'ana mkulu wake, amene anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ndiye kuti nkhuku ndi imene inkamira mwanzeru," anatero.

"Sindinanene ndine," anayankha Yotamu.

Inu amene mukumva fanizoli, sindikunena kuti chowawa chilichonse n'chabwino. Zowawa zina n'zongowawa, ndipo n'koyenera kuzichiza. Koma zilipo zina zimene zinaikidwa mwa ife ngati alonda: mtima ukamatitsutsa, thupi likamati latopa, m'bale akamabwereza mawu amene sitifuna kumva. Munthu amatha kupeza njira yozitontholetsa zonsezi, ndipo masiku oyamba amaoneka ngati wapambana anzake. Mphamvu zake sizinawonjezeke. Wangotaya chomuuza kuti zikutha. Choncho chinthu chimene chinkakuvutitsani mumtima chikasiya kukuvutitsani, musanakondwere dzifunseni: kodi ngozi ndiyo yachoka, kapena mlonda ndiye wagona? Ndipo ngati pali wina kumtunda amene wagwira nsonga ya chingwe chanu, musamuopseze kuti mudzachimasula. Tsiku limene simudzamva kanthu, iye ndiye adzamve.

Anyezi aja ena anapserera, ambiri anapulumuka. Lufeyo akumirabe m'dziwe lomwe lija. Chingwe amamanga yekha, mpweya amakoka kamodzi, ndipo chifuwa chikamutentha amavuuka, sefa ithe isathe.