Mtengo wa Nkhwazi Padooko

Kalekale, mlamu, padooko la nyanja ina ya mabango panali mtengo wa m'bawa. Pamwamba pake nkhwazi ziwiri zinamanga chisa.

Asodzi sankaukhudza mtengowo. Nkhungu ikatseka nyanja, ankasiya kupalasa n'kutchera khutu. Kumene nkhwazi yalirira, kumtunda n'komweko.

Ndiye panali munthu wina. Ndimutcha Chikoti, poti dzina lake lenileni limandilemera pakamwa. Bwato lake linawola. Anauyang'ana mtengo uja, anauyang'ananso, basi n'kukanola nkhwangwa.

Nkhwazi yaikazi inatsika. "Bambo, ana anga sanamere nthenga. Dikirani mwezi umodzi."

"Mwezi wonsewo ine ndizidya nthenga zakozo?"

Mkulu wake, Mataka, anamugwira mkono. "Iwe, mtengowu ndi umene umatibweza kumudzi tonsefe."

"Achimwene, inu bwato muli nalo. N'chifukwa chake mukuyankhula mokoma."

Anadula. Anadula. Dzuwa lili paliwombo mtengo unagwa, chisa n'kuphwanyika, tiana tija n'kufera pomwepo. Nkhwazi zinazungulira katatu osalira, kenako zinapita.

Bwato linasemedwa, lokongola ndithu. Amene ankamuletsa aja anabwera kudzalisisita.

M'mawa wina nyengo yozizira, Mataka anapita kukawonjola miono yake. Nkhungu inagwa. Chikoti ali padooko anamva mawu a mkulu wake patali: "Kumtunda n'kuti?"

Chikoti anakuwa. Mawu ake anathera m'mabango. Anakuwanso. Kenako, mlamu, Chikoti, bambo wandevu zake, anakweza mutu kumwamba n'kuyesa kulira ngati nkhwazi. Anayesa mpaka pakhosi panauma.

Nkhungu inakhala masiku awiri. Lachitatu anthu anapeza bwato la Mataka, nkhafi ili momwemo. Mwini wake ayi.

Chikoti anapalasa mpaka kutsidya, nakaipeza nkhwazi ija itatera pamwala. Anagwada m'bwato.

"Mayi, ndinalakwa. Bwererani kwathu, anthu akutayika."

Nkhwazi inayankha kuti, "Ndamva, bambo. Sindikukana. Koma ndikatera pati?"

Chikoti anatembenuza bwato n'kubwerera yekha. 

Mwaona, mlamu, kupepesa n'kwabwino, ndipo munthu azipepesa. Koma zilipo zina zimene ukawononga, ngakhale wolakwiridwayo akukhululukire, sizibwereranso m'malo mwake. Uzifunsa kaye kuti chinthu chikusunga ndani usanachigwetse.

Nthano yanga, yolemera chonchi, yathera pomwepa.