Mashoku Ofiira a Bambo Chidzanja

Ndikanama, mphezi indipeze m'bafa! Izi ndidaziona ndi maso angawa pa Mponela.

Makaniko Ledisoni adagula mashoku atsopano, zitsulo zija zoletsa galimoto kudumpha m'mabampu, n'kumanga ku pikapu yake. A Chidzanja, eni malo amene padali galaja yake, adamva.

"Iwe, mashoku akowo uwamange ku chigalimoto changa. Mawa ndikukatenga apongozi kumudzi. Ukakana, usamuke pano."

"Chabwino bwana, mubwere mmawa."

Atachoka, Ledisoni adapempha mafuta otsala kwa mayi wokazinga chipisi, n'kupaka mashoku atsopanowo mpaka kudontha. Kenako adatola mashoku ena akutha pa dzala, n'kuwapopera penti wofiira.

Mmawa a Chidzanja adasuzumira pansi pa pikapu.

"Shoku yodontha mafuta ndi yakufa, ngakhale mwana amadziwa! Umati undipusitse? Nanga ofiira wabisa kuseri kwa matayalawo?"

"Amenewo ayi bwana, ndi akutha!"

"Akutha owala chonchi? Manga msanga!"

Ledisoni adamanga akudandaula mokweza, galaja yonse ikumva.

Masana galimoto idabwera ikujowa ngati chule, apongozi mutu gu! gu! kudenga, mano awo oikirira atathawira pawindo mpaka kukagwera ku Dowa. A Chidzanja adatsika maso ali psu.

"Paja ndidanena kuti ndi akutha, bwana," adatero Ledisoni. "Onsewa adamva."

Apongozi adakwera pikapu ya Ledisoni. "Mwanawe, ndiperekeze pa yakoyi. Mkamwiniyu atsatire wapansi."

Za ku Dowazo ndawonjezera. Mano adagwera m'thumba la a Chidzanja.