Phulusa la a Kapitawo

Padangokhala phulusa, phiri lathunthu, kuseri kwa fakitale yopanga magetsi ndi malasha. Nasibeko ankatapako n'kumaumbira njerwa. Nyumba yake itafika m'mawindo, a kapitawo Chidzanja anatulukira.

"Gumulani, mayi. Phulusali ndi lathu."

"Lonse, bambo? Ndi louluka ndi mphepo lomwe?"

"Lonse."

Kutacha, amayi a m'mudzi wonse anafika pageti la fakitale akuseka chikhakhali, atasenza zovala zimene zinatuwa ndi phulusa pachingwe: zitenje, mabulangete, matewera.

"Tabweretsa katundu wanu," anatero Nasibeko, akupatsa a Chidzanja sopo. "Chotsanimo lanulo, nsaluzo mutibwezere. Muyambe ndi matewera."

A Chidzanja anayang'ana muluwo.

"Mayi, kodi phulusa limakhala ndi mwini?"

Nthungululu zinamveka mpaka kuchumuni. Nyumba ija lero ili ndi khonde lomwe.